Mpira watsala pang'ono kufika pa girini: nditenge ndodo iti?

Funso ili lachokera kwa mnzathu wina amene kwawo ndi ku Ulongue koma amagwira ntchito ku Moatize. Iye akuti: "Gofu ndinayamba chaka chatha anzanga akuntchito atandikokera. Ndodo ndinagula zakale kwa munthu amene ankabwerera kwawo. Ndimayeserera pa bwalo la mpira pafupi ndi kunyumba, ndipo ndimasewera ndikapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kumenya patali ndayamba kuzolowera, koma mpira ukatsala mamita 10 kapena 20 kuti ufike kumbendera, zonse zimasokonekera. Anzanga amati nthawi zonse ndizitenga sand wedge. Ndikatero, mwina ndimakumba dothi mpira n'kungosuntha pang'ono, mwina umathamanga n'kudutsa girini yonse. Kodi ndodo yoyenera ndi iti? Kapena ndigule ya madigiri 60 ngati imene ndimaona pa TV?"

Achimwene, ndalama yogulira ndodo ya madigiri 60 ija muyambe mwaisunga. Ndodo zimene zingathetse vuto lanu zili kale m'chikwama chanu, kungoti simuzitulutsa mukafika pafupi ndi girini, malo a udzu wometedwa bwino pamene pali dzenje ndi mbendera. Tengani ndodo ya nkhope yoimirira kwambiri imene ingathe kuulutsa mpira mpaka utere pa girini, kenako muusiye ugubuduke wokha kupita kudzenje. Kawirikawiri ndodo imeneyo imakhala 9-iron kapena pitching wedge, nthawi zina 8-iron kapena 7-iron, nthawi zinanso putter yomwe, ndodo yogubuduzira mpira pa girini. Sand wedge ili ndi ntchito yake ndipo tifikako, koma si ya paliponse monga akunenera anzanuwo.

Shoti imene tikukambayi ndi chip: mpira umauluka pang'ono, motsika, kenako umayenda pansi mtunda wotalikirapo. Imasiyana ndi pitch, imene mpira umakwera m'mwamba, n'kutera pafupi ndi mbendera, n'kuima msanga. Ambiri oyamba kumene amaima pamalo ofuna chip koma m'maso mwawo muli pitch ya pa TV ija, ndipo dzanja limathamangira ndodo yokweza mpira.

Chimene chimasiyanitsa ndodo zanu ndi loft, mmene nkhope ya ndodo yagonera chagada. Putter ili ndi madigiri 3 kapena 4 okha. 7-iron imakhala pakati pa 30 ndi 35, 9-iron pafupifupi 40 mpaka 43, pitching wedge 44 mpaka 48, sand wedge 54 mpaka 56, ndipo lob wedge imene mukuisirirayo 58 mpaka 60. Nkhope ikagona kwambiri, mphamvu yambiri ya kumenya kwanu imathera pokweza mpira ndi pouzunguliza chobwerera m'mbuyo, ndipo yotsala yochepayo ndi imene imaukankhira kutsogolo. Ndiye kuti mpira uyende mamita 20 ndi sand wedge, muyenera kukoka ndodo patali ndi kumenya molimba ndithu. Tsopano mwakoka patali choncho, koma m'malo moti nkhope ilowe pansi pa mpira, mlomo wa ndodo wagunda mpira pamimba. Mphamvu yonse imene imayenera kupita m'mwamba yalunjika kutsogolo, ndipo umenewo ndiwo mpira wanu wodutsa girini n'kukagwera kuseri uja. Pa dzenje lotsatira mantha akugwirani. Mwakoka patali monga kale, koma ndodo ili pafupi kufika pa mpira mukubweza dzanja, mutu wa ndodo ukugwa msanga, mlomo ukulowa m'dothi mpira usanakhudzidwe. Zolakwika ziwiri zimene mwatchulazi gwero lake ndi limodzi: ndodo imene ikufuna kukoka kwakutali pa shoti yaifupi, pomwe malo oti mlomo ulowemo ndi ochepetsetsa.

Yesani shoti yomweyo ndi 8-iron. Kukoka kwake ndi kwakufupi, sikusiyana kwenikweni ndi kwa putter. Mukaugunda pamimba, mpira umapitabe mtunda wosasiyana kwambiri ndi umene mumafuna, chifukwa umayenera kugubuduka kale. Mukagunda pansi kumbuyo pang'ono, nkhope yoimirirayo imaukankhabe kutsogolo mpaka kufika pa girini. Kulakwitsa kumene ndi sand wedge kukanakudyerani mashoti awiri, kuno kukusiyirani putt, shoti ya putter, ya mamita 3 kapena 4. Ine ndikamaphunzitsa munthu woyamba kumene, chimene ndimayang'ana si kukongola kwa shoti yake yabwino koma kumene shoti yake yoipa ikukathera, popeza pa mabowo 18 zoipazo ndi zimene zimachuluka pa kadi yolembapo mashoti.

Komabe musanasankhe ndodo iliyonse, weramani muone pamene mpira wakhala. Pamenepa ndi pamene anthu a kwathu kuno timasiyana ndi zimene mumaona pa TV. Tulutsani sand wedge yanu muitembenuze. Kunsi kwa mutu wake ndi kotakata, ndipo mbali yakumbuyo yatsika kuposa mlomo. Mukaiimika pa simenti mpini uli chilili, muona kuti mlomo sukukhudza pansi, patsala kampata. Imeneyo ndi bounce, ndipo pa sand wedge zambiri imakhala madigiri 10 mpaka 14. Amene anaitchukitsa ndi Gene Sarazen wa ku America, yemwe anawotcherera chitsulo kunsi kwa ndodo yake kuti isamamire mumchenga, ndipo anapambana nayo mpikisano wa Open mu 1932 pa bwalo la Prince's ku England. Ntchito ya bounce ndi imeneyo: kuti mutu wa ndodo uzitsetsereka pa malo ofewa m'malo mokumba.

Nanga pa malo olimba? Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, nthaka ya kuchigwa cha Zambezi imauma gwa, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kumafika madigiri 40. Inu ndinu mwana wa ku Angónia, mukudziwa zimene khasu limachita mukalitema pa munda wouma mu Okutobala: limanjanja m'malo molowa, pamene mu Januwale khasu lomwelo limamira losakakamiza. Sand wedge ya bounce yambiri imachitanso chimodzimodzi. Pa nthaka youma, kunsi kwake kumagunda pansi n'kunjanja, mlomo n'kukwera kukakumana ndi mimba ya mpira. Ngati mukuyeserera sand wedge pa bwalo la mpira la ku Moatize m'chilimwe, sindikudabwa kuti mipira yanu ikuthamanga. Pa malo oterowo tengani pitching wedge kapena 9-iron, zimene kunsi kwake ndi kopyapyala, muike mpira kumbuyo pang'ono chakuphazi lamanja, kuti nkhope iyambe kukhudza mpira isanakhudze nthaka. Ngati njira yonse yopita ku girini ili yosalala, tengani putter basi.

M'dzinja zinthu zimatembenuka. Nthaka ikanyowa, mlomo wakuthwa wa 9-iron ukangolakwa pang'ono umalowa m'matope, ndipo apa bounce imakhala mnzanu chifukwa imakutsetseretsani. Komanso mpira pa udzu wonyowa sugubuduka patali, choncho mumafunika kuuulutsa motalikirapo. Nthawi ya mvula pitching wedge ndi sand wedge zimagwira ntchito yambiri kuposa m'chilimwe. Mame a m'mawa wa mu Juni ndi Julayi kumapiri kwanu ndi ku Lilongwe nawonso amachedwetsa mpira mpaka dzuwa litawaumitsa, moti ndodo imene inali yokwanira masana dzulo imatha kusiya mpira panjira lero m'mawa.

Palinso udzu. Mabwalo ambiri a chigawo chathu chino ali ndi kapinga kapena kikuyu, ndipo udzu umenewu umayanga chogona, uli ndi kumene waloza. Mukamamenya motsatana ndi kumene wagonera, ndodo imadutsa bwino. Mukamamenya moyang'anizana nawo, umakola mlomo wa ndodo ngakhale mwangolakwa pang'ono chabe, ndipo apa ndodo ya nkhope yoimirira, kapena putter, imapulumutsa. Kikuyu ali ndi khalidwe linanso loti mulidziwe: mpira ukatera pa iye kunja kwa girini, amaugwira n'kuupha liwiro, sunjanja kupita kutsogolo monga umachitira pa nthaka youma. Choncho pa kikuyu musayerekeze kutereza mpira kufupi poganiza kuti udumphira pa girini. Uyenera kutera pa girini penipeni. Mpira ukamira mu udzu wautali mpaka kungooneka pamwamba pokha, pamenepo ndiye sand wedge, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo loft yake imautulutsa. Dziwani kokha kuti udzu wolowa pakati pa nkhope ndi mpira umachotsa kuzungulira kuja, ndiye mpira ukatera umagubuduka kuposa mmene mumayembekezera. Koma mpira ukakhala pamwamba pa kikuyu wokhuthala, wosamira, ndodo yogona kwambiri imatha kudutsa pansi pake osaugwira bwino, mpira n'kukwera n'kugwera pomwepo. Apo 9-iron kapena 8-iron ndi yabwino.

Mukaona pamene mpira wakhala, maso anu asathamangire kumbendera. Funani malo oti mpira utere. Malo abwino ndi pafupifupi mita imodzi mkati mwa girini, pamalo osalala, chifukwa pa girini mpira umanjanja mofanana nthawi zonse pamene kunja kwake simudziwa chimene ukumane nacho. Malowo mukawapeza, funso la ndodo latsala pang'ono kudziyankha lokha, popeza chatsala ndi kudziwa ndodo imene ikateretsa mpira pamenepo iugubuduza mpaka kudzenje.

Aphunzitsi ambiri amathandiza ophunzira awo ndi kawerengedwe kotchedwa lamulo la 12. Yendani kuchokera pa mpira kufika pamalo otera, muwerenge mapazi anu. Yendaninso kuchokera pamalo otera kufika kudzenje. Gawani nambala yachiwiri ndi yoyamba, ndipo yankho lake mulichotse pa 12. Chotsalacho ndi nambala ya ndodo, powerenga pitching wedge ngati 10 ndi sand wedge ngati 11. Tinene kuti mpira wanu uli mamita 4 kunja kwa girini. Malo otera ali pa mamita 5. Mbendera ili mamita 20 kuchokera pa mpira, kutanthauza kuti mpira uyenera kugubuduka mamita 15. Mukagawa 15 ndi 5 mupeza 3, ndipo 12 kuchotsa 3 ndi 9: tengani 9-iron. Mpira uli pomwepo koma mbendera aikhoma kumbuyo kwa girini, mamita 30 kuchokera pa inu: wogubuduka ndi mamita 25, kugawa ndi 5 ndi 5, ndodo ndi 7-iron. Mbendera ikakhala kutsogolo, mamita 10 okha kuchokera pa mpira, kuuluka ndi kugubuduka zafanana, 12 kuchotsa 1 ndi 11, ndipo apa anzanu aja alondola: ndi sand wedge. Taonani kuti pa mashoti atatu onsewa malo otera sanasinthe, ndipo kamenyedwe kanu kangosintha pang'ono chabe. Chasintha ndi ndodo. Mukuphunzira shoti imodzi, yoteretsa mpira pa mamita 5, m'malo mophunzira mashoti atatu osiyana mphamvu ndi ndodo imodzi.

Manambalawa ndi poyambira chabe, musawatenge ngati malemba. Girini ikakhala yokwera, mpira ugubuduka pang'ono, ndiye tengani ndodo yoimirirako, 8 m'malo mwa 9. Ikakhala yotsetsereka, chitani mosemphanitsa. Magirini a m'makalabu athu nthawi zambiri amakhala ochedwa poyerekeza ndi a m'mipikisano ikuluikulu, makamaka udzu ukakula m'dzinja, ndipo zimenezi zimakukankhiraninso ku ndodo zoimirira. Komanso makampani masiku ano amapanga ma iron oimirira nkhope kuposa kale, moti 8-iron yatsopano imatha kufanana ndi 7-iron ya zaka za m'ma 1990. Popeza zanu ndi zakale, mwina zigwirizana bwino ndi kawerengedweka, koma muziyese nokha. Ndipo musamayende kuwerenga mapazi pa shoti iliyonse anzanu akudikira padzuwa. Werengani poyeserera mpaka diso lizolowere.

Kusintha ndodo chonchi si nzeru ya ofooka ayi. Paul Runyan anali munthu wamng'ono thupi, wosamenya patali, koma anapambana PGA Championship kawiri, mu 1934 ndi mu 1938. Mu 1938 pa ndime yomaliza anakumana ndi Sam Snead, amene ankamuposa kutali pa shoti yoyamba ya dzenje lililonse lalitali, koma Runyan anamugonjetsa ndi mabowo 8 kutatsala 7 oti asewere. Chida chake chinali masewera apafupi, ndipo chip ankaimenya ngati putt, akusintha ndodo malinga ndi mtunda. Mu 2014 Martin Kaymer wa ku Germany anapambana US Open pa bwalo la Pinehurst mosiyana mashoti 8 ndi omutsatira, ndipo sabata imeneyo akaphonya girini ankakonda kutenga putter ali kunja. Mu 2004 pa Royal Troon ku Scotland, Todd Hamilton anagonjetsa Ernie Els wa ku South Africa pa mabowo owonjezera a Open, ndipo pa dzenje lomaliza, ali kutsogolo kwa girini, anagubuduza mpira ndi hybrid, ndodo ya mutu wonenepa yomenyera patali, mpaka pafupi ndi dzenje. Ngati m'chikwama chanu muli hybrid, iyeseni pa nthaka youma ija. Kunsi kwake ndi kotakata kosakumba, mumaigwira chakumunsi ngati putter, mpira umadumpha pang'ono poyamba n'kuyamba kugubuduka. Umachoka mwamphamvu kuposa mmene mungaganizire, ndiye muyambe mwaizolowera.

Sand wedge itulutseni pamene pali chinthu choti mpira ulumphe, monga bunker (malo okumbidwa odzaza mchenga), ngalande kapena udzu wautali pakati pa inu ndi girini, pamene mbendera ili pafupi ndi m'mphepete moti palibe malo ogubudukira, pamene girini ikutsetsereka mothawa inu, ndi pamene mpira wamira mu udzu. Tom Watson pa dzenje la 17 ku Pebble Beach mu US Open ya 1982 anali mu udzu wautali, mbendera ili pafupi, ndipo analowetsa mpira ndi sand wedge. Malowo ndi amene anasankha ndodo. Ngakhale shoti yotchuka ya Tiger Woods pa dzenje la 16 ku Augusta mu 2005, imene mwina ndi imene inakupatsani chilakolako cha madigiri 60, muyionenso bwino. Sanalunjike mbendera. Anateretsa mpira kutali ndi dzenje, pa chitunda, n'kuusiya utsetsereke wokha mpaka kugweramo.

Anzanuwo ndisawaweruze mopanda chilungamo, chifukwa akatswiri ambiri a masiku ano amachitadi pafupifupi ma chip awo onse ndi wedge imodzi. Amasuntha mpira kutsogolo kapena kumbuyo, amatsegula kapena kutseka nkhope, n'kutulutsa mashoti osiyanasiyana pa ndodo imodziyo. Koma anthu amenewo amayeserera maola ambiri tsiku lililonse, amasewera pa udzu wometedwa mofanana paliponse, pa magirini othamanga amene amafuna mpira wozungulira kwambiri kuti uime, ndipo ma wedge awo amasinthidwa mizere ya pankhope isanathe. Inu mumagwira ntchito sabata yonse. Yendetsani chikhadabo pa nkhope ya sand wedge yanu yakaleyo: ngati chikungodutsa osakodwa m'mizere, makamaka pakati chakumunsi, ndodoyo singaimitse mpira monga mukuonera pa TV. Mpira nawo uli ndi mbali yake. Mipira yotsika mtengo ya chikopa cholimba imazungulira pang'ono ndipo imagubuduka kwambiri, pamene yodula ya chikopa chofewa imagwira girini. Ngati m'thumba mwanu muli mipira yosakaniza yogula kwa anyamata otola m'tchire, chip yomweyo ikupatsani mitunda yosiyana. Isankheni, muzisewera ndi mtundu umodzi.

Ndodo yoyenera singakuthandizeni ngati kaimidwe kali kolakwika, ndiye ndinene mwachidule, poganiza kuti mumamenyera kumanja. Mapazi ayandikane. Thupi lilemere chakuphazi lamanzere ndipo likhale komweko mpaka shoti ithe. Gwirani ndodo chakumunsi kwa chigwiriro, muyandikire mpira kuti mpini uimirire, ngakhale chidendene cha mutu wa ndodo chitanyamuka pang'ono, chifukwa zimenezo zimachepetsa chitsulo chokhudza nthaka. Manja atsogole pang'ono chabe. Mukawatsogoza kwambiri mumapha bounce yonse n'kusandutsa mlomo chokumbira. Mapewa ndi chifuwa ndi zimene ziyendetse ndodo, osati kupinda dzanja pamfundo. Chachikulu, musayese kuunyamula mpira. Kukweza ndi ntchito ya loft, ndipo munthu akangofuna kuthandiza ndodo, thupi limagwera kuphazi lamanja, mavuto awiri aja n'kubwereranso.

Pa zogula, malamulo amalola ndodo 14 zokha m'chikwama, ndiye malo alionse ndi ofunika. Onani kaye mpata umene ulipo pakati pa pitching wedge ndi sand wedge yanu. Ngati ina ndi 45 inayo 56, pali madigiri 11 opanda ndodo, ndipo gap wedge ya 50 kapena 52 ingakugwirireni ntchito yambiri, pa chip ndi pa mashoti a mamita 80 kapena 90, kuposa ya 60. Lob wedge imachulukitsa zonse zimene ndafotokoza za sand wedge: kukoka kwakutali, mpata wochepa wolakwitsa. Nthawi yake idzakwana mukadzayamba kuteretsa mpira pamalo amene mwasankha ndi sand wedge mosaphonyaphonya, ndipo podzagula mudzafune ya bounce yochepa chifukwa cha nthaka yathu. Mudzaonanso m'masitolo ndodo yotchedwa chipper, yooneka ngati putter koma ya loft yofanana ndi 7-iron kapena 8-iron. Ya nkhope imodzi ndi yololedwa, ya nkhope ziwiri ayi. Imathandiza ena, koma ntchito yake 8-iron yanu ikhoza kuigwira. Ndalamayo ndikanakonda muyambe mwasinthira zigwiriro. Ndodo zakale zimene zakhala m'galimoto padzuwa la ku Moatize zimauma labala n'kuyamba kuterera, manja a thukuta amazifinya mwamphamvu kuti zisapulumuke, ndipo dzanja lofinya silimva mtunda.

Bwalo la mpira lija musalinyoze. Pitani m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena mukakhala kwanu ku Ulongue kumene kuli kozizira, nthawi ina iliyonse. Yalani thumba la feteleza lopanda kanthu pa mamita 5, muike miyala m'makona kuti lisauluke. Musanagwire ndodo, ponyani mipira ingapo ndi dzanja chapansipansi kuti itere pathumbapo, ina motsika ina mokweza, muone kusiyana kwa mmene ikuthamangira ikatera. Kenako tengani 8-iron, pitching wedge ndi sand wedge, ndodo zitatu zokha, mumenye mipira isanu ndi iliyonse, cholinga chili kugunda thumba basi. Kumene mpira ukathere musasamale, chifukwa bwalo la mpira si girini ndipo kagubudukidwe kake kakunamizani. Mukazolowera, sunthani thumba lifike pa mamita 3, kenako 8, kenako 10. Sand wedge muziyesera pamene pali kapinga wokhuthala, monga m'makona mwa bwalo mmene osewera saponda kwambiri, osati pakati pa golo pamene pali dothi lokhalokha.

Mbali yotsalayo, ya kugubuduka, muikaphunzire pa girini yeniyeni. Tsiku limene mwadutsa pa Calómuè kupita ku Lilongwe, kapena pa Zóbuè kupita ku Blantyre, konzani ulendo kuti mufike pa kalabu patatsala ola lathunthu, ndipo theka la ola limenelo likathere pa girini yoyesererapo, osati pomenya driver, ndodo yomenyera patali kwambiri. Ikani kandalama kachitsulo kapena tee (kachikhomo koikapo mpira) mita imodzi mkati mwa girini, muime mamita 4 kunja, muteretse mipira itatu pamenepo ndi ndodo iliyonse kuyambira 7-iron mpaka sand wedge. Yendani muwerenge pamene mipira ya ndodo iliyonse yaima, mulembe kuseri kwa kadi yakale, imodzi ya m'chilimwe ina ya m'dzinja, muzisunga m'chikwama. Mbendera muzisiya m'dzenje, chifukwa mpira wobwera mothamanga ukaigunda nthawi zambiri umaima pafupi kapena kugweramo. Ndipo mnyamata wokunyamulirani chikwama mumufunse asanakupatseni ndodo: udzu wa pa girini iyi wagonera kuti, ndipo lero ikuthamanga bwanji? Ambiri a iwo anakulira pa bwalo lomwelo akumenya chip ndi ndodo imodzi yakutha, ndipo akakuuzani kuti apa pakufunika 9-iron, itengeni.